KUCHEPETSA THUPI: ZOONETSA PA KANEMA NDI ZOTHEKA PAKHOMO

Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba kuulutsa mapulogalamu ake m'chaka cha 1999. Kuyambira nthaŵi imeneyo madishi achuluka pamadenga a nyumba mumzinda wa Mzuzu, ku Katoto, ku Chibavi, ku Luwinga ndi kwina konse, ndipo ngakhale kumidzi anthu amaonera zithunzi zoyenda pa lamya zam'manja. Mwa zinthu zimene zimaonetsedwa muli mipikisano ya anthu onenepa kwambiri amene amalimbirana kuti aone wochepetsa thupi msanga kuposa anzake. Munthu amene adaloŵa mumpikisano akulephera kukwera kachitunda amatuluka patapita miyezi yoŵerengeka atavala malaya aang'ono, khamu la anthu likumuombera m'manja.

Tsono woonera amene adalangizidwa kuchipatala kuti achepetse thupi kaamba ka kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga amayamba kudandaula, poona kuti iye wayesetsa mwezi wathunthu koma sikelo yangotsika ndi kilogalamu imodzi. Ena amataya mtima nkulekeratu. Ena amayamba kugona ndi njala dala, ndipo ena amataya ndalama pogula tiyi ndi mapiritsi osadziŵika bwino. Phunziro lino likufotokoza zimene zimachitika kanema akatha, ndiponso njira imene munthu wamba angatsate pakhomo pake popanda kulipira kanthu.

KUNENEPA KUKUCHULUKA M'MALAŴI

Kuyambira kale kunenepa kwakhala kukutengedwa ngati chizindikiro cha mtendere pabanja. Mkazi akanenepa, achibale amati mwamuna akumusamala bwino. Bambo akatulutsa mimba, anzake amati ndalama zamuyanja. Pamene mliri wa Edzi udakula m'zaka za m'ma 1990, kuwonda kudayamba kuopedwa koposa, pakuti aliyense wowonda ankalozedwa chala. Nchifukwa chake anthu ambiri saona kunenepa ngati vuto kufikira matenda atawagwira.

Kafukufuku wa Boma woona za chiŵerengero cha anthu ndi umoyo wawo adapeza kuti m'chaka cha 2000 amayi 12 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyeso. Pofika 2015 ndi 2016 chiŵerengerochi chidakwera kufika pa 21, ndipo m'mizinda chidali 36. Bungwe lofufuza za matenda la MEIRU lidayeza anthu aakulu pafupifupi 29,000 ku Chilumba m'boma la Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016. Lidapeza kuti mumzinda amayi 44 ndi abambo 18 mwa 100 alionse anali opitirira muyeso, pomwe kumudzi anali amayi 27 ndi abambo 9. Izi zikusonyeza kuti vutoli si la m'tauni mokha.

Thupi lopitirira muyeso limalemetsa mtima, mawondo ndi msana, ndipo limatsegulira khomo matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa ziŵalo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga. Ochuluka mwa iwo sankadziŵa kuti akudwala.

Mbiri ya Mzuzu imathandiza kumvetsa chiyambi cha vutoli. Malo ameneŵa adayamba kukula m'chaka cha 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, adakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 220,000. Ambiri adachokera kumidzi ya ku Mzimba, Nkhata Bay, Rumphi, Karonga ndi Chitipa, kumene ankagwira khasu, kutunga madzi kutali ndi kuyenda pansi tsiku lililonse. Atafika m'tauni ena amatandala atakhala pabenchi kumsika, muofesi kapena pachiwongolero cha galimoto. Ulendo umene kale unali wapansi tsopano ndi wa kabaza kapena takisi. Chipisi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera zili pangodya iliyonse. Khasu lidatsala kumudzi, koma mitanda ya nsima ya munthu wolima idabwera nawo m'tauni.

MPIKISANO WA PA KANEMA

Pulogalamu yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu ndi The Biggest Loser, imene idayamba pa kanema ya NBC ku America m'chaka cha 2004. Dzinali limatanthauza munthu wotaya zochuluka kuposa onse, ndipo wopambana ankalandira madola 250,000. Opikisana ankachotsedwa m'makomo mwawo, kusiya ntchito ndi mabanja, nkukakhala pamalo amodzi pamodzi ndi aphunzitsi a maseŵera ndi madokotala. Ankachita maseŵera olimbitsa thupi maola ambiri tsiku lililonse akudya chakudya chochepa zedi. Kenaka ankakwera sikelo pamaso pa anthu, ndipo wotsika pang'ono anali pangozi yochotsedwa mumpikisano.

Danny Cahill, amene adapambana mu 2009, adaloŵa akulemera makilogalamu 195 ndipo patapita miyezi 7 ankalemera 87. Woyamba kupambana mpikisanowu, Ryan Benson, adaulula pambuyo pake kuti masiku omaliza ankadzimana chakudya ndi kuumitsa thupi lake madzi kufikira atayamba kukodza magazi, ndipo thupi lake lidabwereranso pafupifupi lonse. Pulogalamuyi idatha pa NBC mu 2016, idaonekanso pa kanema ina mu 2020, ndipo mu 2025 Netflix idatulutsa filimu imene ena mwa opikisana akale adafotokozamo zoŵaŵa zimene adakumana nazo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIMENE ZIDACHITIKA KANEMA ATATHA

Dokotala Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health, bungwe la Boma la America lofufuza za umoyo, adatsata anthu 14 amene adapikisana mu 2009, nawayezanso patapita zaka 6. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2016. Pophatikiza onse nkugaŵa mofanana, aliyense ankalemera makilogalamu 149 poyamba, 91 pakutha pa masabata 30 a mpikisano, ndipo 132 patapita zaka 6. Anthu 13 mwa 14 adanenepanso, ndipo anayi adaposa mmene analili asanaloŵe mumpikisano. Danny Cahill yemwe adabwezeretsa makilogalamu oposa 45.

Anthu ameneŵa sanali aulesi, pakuti adapirira zimene ambiri sangapirire. Chimene chidawagonjetsa ndi machitidwe a thupi lenilenilo.

CHIFUKWA CHAKE THUPI LIMABWERERA

Mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya imayesedwa ndi muyeso wotchedwa kalori. Thupi limagwiritsa ntchito mphamvuyi usana ndi usiku, ngakhale munthu ali mtulo, kuti mtima ugunde, mapapo apume, ubongo ugwire ntchito ndiponso thupi likhale lofunda. Zili ngati mbaula imene sizima. Chakudya chikachuluka kuposa chimene mbaulayo ikutentha, chotsalacho chimasungidwa ngati mafuta.

Munthu akachepetsa chakudya kwambiri, thupi silidziŵa kuti akuchita dala. Limayesa kuti kwagwa njala yonga ya mwezi wa Febuluwale chimanga chikatha m'nkhokwe, motero limachepetsa moto wake kuti lisunge chuma chotsala. Nthaŵi yomweyo limachulukitsa njala, chifukwa mafuta akamachepa m'thupi, chinthu china cha m'magazi chotchedwa leptin, chimene chimauza ubongo kuti nkhokwe ili yodzaza, chimachepanso. Mwa opikisana aja, matupi awo ankatentha makalori ngati 500 ocheperapo tsiku lililonse poyerekeza ndi mmene munthu wa thupi lotero amayembekezeredwa kutentha, ndipo izi zidali choncho ngakhale patapita zaka 6. Makalori 500 ali ngati mbale imodzi ya chakudya cha munthu wosadya kwambiri.

Chachiŵiri nchakuti si zonse zotsika pa sikelo zimene zili mafuta. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori ngati 7,700, pomwe kuyenda ndawala ola lathunthu kumatentha ngati 250 kapena 300. Chotero munthu akatsika makilogalamu 5 pasabata imodzi, gawo lalikulu limakhala madzi, ndipo nthaŵi zina minofu. Madzi amabwerera akangomwa, koma minofu imavuta kuibwezeretsa.

Chachitatu, ndipo ndicho chachikulu, nchakuti moyo wa pampikisano sungapitirire pakhomo. Palibe mayi wogulitsa tomato pamsika wa Zigwagwa kapena mlimi wa ku Ekwendeni amene angasiye ntchito ndi ana kuti athamange tsiku lonse. Ngakhale munthu wochepetsa pang'onopang'ono, thupi lake limakaniza ndithu. Kusiyana kwake nkwakuti njira yake angathe kuitsata zaka zonse. Ofufuza aja ataonanso zotsatira zawo mu 2017 adapeza kuti opikisana amene sadabwezeretse thupi lochuluka anali amene adapitiriza kulimbitsa thupi tsiku ndi tsiku.

NDANI AYENERA KUCHEPETSA THUPI?

Si aliyense. M'dziko muno vuto la kupereŵera kwa chakudya m'thupi likadali lalikulu: kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapezanso kuti ana 37 mwa 100 osapitirira zaka zisanu anali opinimbira. Nkofunika tsono kuti munthu ayezedwe asanayambe chilichonse.

Kuchipatala amayeza kulemera ndi kutalika kwa munthu nkuŵerengera nambala yotchedwa BMI. Nambalayi ikakhala pakati pa 18.5 ndi 24.9 thupi lili bwino. Ikafika 25 thupi lapitirira muyeso. Ikafika 30 munthu wanenepa kwambiri. Mwachitsanzo, mayi wotalika mita imodzi ndi masentimita 60 ali bwino akamalemera pakati pa makilogalamu 48 ndi 63, wapitirira akafika 64, ndipo wanenepa kwambiri akafika 77.

Palinso njira yapafupi yosafuna sikelo. Munthu atenge chingwe chotalika ngati iye mwini, kuchokera kuchidendene kufika pamwamba pa mutu. Achipinde pakati, kenaka achizunguze m'mimba pamwamba pang'ono pa mchombo, osakoka mimba m'kati. Ngati nsonga ziŵiri za chingwe chopindacho zikulephera kukumana, mafuta a m'mimba achuluka. Mafuta a m'mimba ndiwo oopsa kuposa a m'matako ndi m'ntchafu, chifukwa amazinga chiŵindi ndi matumbo.

Anthu aŵa sayenera kudzichepetsera chakudya pofuna kuwonda:

1. Amayi oyembekezera. Mwana ali m'mimba amafuna chakudya chokwanira.
2. Amayi oyamwitsa, makamaka miyezi yoyambirira, pokhapokha atalangizidwa kusikelo.
3. Ana ndi achinyamata amene akukula. Mwana wonenepa kwambiri apite naye kuchipatala kuti makolo alangizidwe.
4. Odwala chifuwa chachikulu kapena amene angochira kumene matenda aakulu.
5. Aliyense amene BMI yake ili pansi pa 25 ndipo chingwe chija chikukumana.

Munthu amene akuwonda asakufuna asakondwere. Kuwonda kosadziŵika chifukwa chake kungakhale chizindikiro cha chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV, khansa kapena matenda a shuga amene, makamaka ngati akumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi. Wotero apite kuchipatala msanga.

Pali mankhwala ena amene amanenepetsa anthu ena. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri omwa ma ARV m'Malaŵi adasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira ntchito bwino kwambiri koma ena amawonjezera nawo thupi. Jakisoni wolera nayenso amatero kwa amayi ena. Kuleka mankhwala otere mwa iwe wekha nkoopsa kuposa kunenepako. Chofunika ndi kukambirana ndi achipatala.

KODI MUNTHU ACHEPETSE MAKILOGALAMU ANGATI?

Pa kanema amatamanda wotaya theka la thupi lake, koma phindu la umoyo limayamba ndi zochepa kwambiri. Kuchotsa magawo 5 mpaka 10 mwa magawo 100 a kulemera kwa munthu kumathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndiponso kumapepukitsa mawondo. Kwa munthu wolemera makilogalamu 80, ameneŵa ndi makilogalamu 4 mpaka 8 okha.

Umboni wake ulipo. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2002, adatsata anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu lina lidalangizidwa kuchotsa magawo 7 mwa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pasabata. Patapita zaka ngati zitatu, chiopsezo chodwala shuga m'gulu limeneli chidatsika ndi magawo 58 mwa 100, pomwe mwa omwa mapiritsi a metformin chidatsika ndi magawo 31. Anthuŵa sadaonekere pa kanema ndipo sadalandire mphotho, koma ambiri adapulumuka matenda a moyo wonse.

Liŵiro loyenera ndi theka la kilogalamu pasabata, osapitirira kilogalamu imodzi. Wotsika makilogalamu aŵiri pamwezi adzafika pa 8 isanathe miyezi isanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

MBALE YA TSIKU NDI TSIKU

Palibe chakudya chachilendo chofunika kugula. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, omwe ndi zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ayenera kupezekabe onse. Chosintha ndi kuchuluka kwa chilichonse pambale.

1. Nsima. Wozoloŵera mitanda inayi ayambe kudya itatu, ndipo patapita masabata angapo iŵiri. Nsima ya mgaiwa ndi yabwino kuposa ya ufa woyera chifukwa gaga amachedwetsa njala. Kondowole, mpunga, mbatata, chinangwa ndi nthochi zophika zonse nzokhutitsa, motero nsafunika kuziunjika pambale imodzi.

2. Ndiwo zamasamba zidzaze theka la mbale: nkhwani, bonongwe, chigwada, mpiru, repu, therere, kabichi. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku.

3. Nyemba, nandolo, khobwe, soya, usipa, matemba ndi mazira zimamanga minofu ndipo zimakhalitsa m'mimba. Nyama yonona idyedwe mwa apo ndi apo, atachotsako mafuta.

4. Mafuta ophikira ayezedwe ndi supuni, osangothira kuchokera m'botolo. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori ngati 120. Kuŵiritsa ndi kuwotcha nkwabwino kuposa kukazinga. Nsinjiro ndi mapeyala nzabwino, koma nazonso zili ndi mafuta ambiri, choncho zikhale zapang'ono.

5. Shuga. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 patsiku, ndipo nkwabwino koposa kukhala pansi pa 6. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zotsekemera lingakhale ndi masupuni 7 kapena 8. Nyengo yozizira ya ku Mzuzu imamwetsa tiyi kaŵirikaŵiri: womwa makapu atatu a masupuni atatuatatu wamaliza kale masupuni 9. Achotseko supuni imodzi pa kapu, ndipo lilime likazoloŵera achotsenso ina. Thobwa ndi maheu othira shuga aŵerengedwenso. Nzoona kuti shuga wa m'dziko muno amathiramo Vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chomuchulutsira. Vitaminiyu amapezekanso m'mbatata yofiira m'kati, maungu, mapapaya ndi mango.

6. Chipisi, mandasi, zitumbuwa ndi kanyenya zikhale za tsiku lapadera. Njala ya pakati pa tsiku ithetsedwe ndi nthochi, gwafa, nanazi kapena mondokwa wootcha.

7. Moŵa, kaya wa m'botolo kaya wamasese, umanenepetsa ndipo umakweza magazi.

8. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Mchere wowonjezera patebulo uchotsedwe.

9. Munthu adye panthaŵi yake ndipo adye modekha. Wokhala tsiku lonse osadya amadzadya mopitirira usiku. Kumene banja limadyera mbale imodzi, wofuna kuchepetsa thupi apatule gawo lake pambale yakeyake kuti aone chimene wadya.

KUYENDA NDI KUGWIRA NTCHITO

Malangizo a WHO a m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu agwiritse ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata, ndiponso achite zolimbitsa minofu masiku aŵiri pasabata. Mphindi 150 ndizo theka la ola kwa masiku asanu. Ana a zaka 5 mpaka 17 afunika ola limodzi tsiku lililonse. Muyeso wake ngwapafupi: munthu akamayenda akutha kulankhula koma akulephera kuyimba nyimbo, ndiye kuti liŵiro lakwana.

Mzinda wa Mzuzu ngwoyenera kuyendamo, pakuti ngwozizira ndipo uli ndi zitunda ndi zitsetse. Wokhala ku Chibavi, ku Chiputula kapena ku Mchengautuŵa angayende pansi popita kumsika waukulu nkukwera kabaza pobwerera ndi katundu. Wokhala kutali angatsike galimoto asanafike nkumaliza ulendo pansi. Wamalonda amene amatandala pabenchi aimirire ndi kuyendayenda pang'ono theka la ola lililonse. Mpira wamiyendo, mpira wamanja ndi kupalasa njinga zonse nzothandiza, monganso magule a makolo: malipenga ndi chilimika za ku Nkhata Bay kapena ingoma ya ku Mzimba zimatulutsa thukuta kuposa makina a pa kanema.

Kwa anthu a kumudzi, kulima, kupalira, kusinja, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni ndi maseŵera okwanira kale. Nthaŵi yofunika kusamala ndi ya pambuyo pa kukolola, pamene chakudya chachuluka ndipo ntchito yachepa. Dimba la ndiwo zamasamba limathandiza paŵiri: limagwiritsa thupi ntchito ndipo limadzaza theka la mbale lija.

Mvula imatenga nthaŵi yaitali ku Mzuzu, koma isakhale chifukwa cholekera. M'nyumba momwe munthu angathe kukhala ndi kuimirira pampando kakhumi, kukankha khoma ndi manja, kunyamula zigubu zazing'ono za madzi kapena kudumpha chingwe.

Amene wakhala nthaŵi yaitali osagwiritsa ntchito thupi ayambe ndi mphindi 10 patsiku nkumawonjezera sabata ndi sabata. Wodwala mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi afunse kaye achipatala. Wodwala shuga avale nsapato zomukwana, aziyang'ana mapazi ake madzulo alionse ngati pali chilonda, ndipo ngati akumwa mankhwala kapena kubaya insulin atenge kanthu kotsekemera m'thumba kuti adye akamva kunjenjemera. Aliyense womva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika aime pomwepo ndipo apite kuchipatala.

Kuvala mapulasitiki kapena majuzi ambiri pofuna kuchulutsa thukuta sikusungunula mafuta. Kumangotaya madzi ndipo kungakomole munthu. Malamba omanga pamimba sachotsa kanthu. Palibenso maseŵera ochotsa mafuta pamimba pokha, pakuti thupi limachotsa mafuta ponseponse panthaŵi imodzi.

TIYI NDI MAPIRITSI OCHEPETSA THUPI

Tiyi wambiri wotchedwa wochepetsa thupi amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika kwa masiku oŵerengeka chifukwa madzi atayika, koma mafuta ali pomwepo, ndipo kumwa kwa nthaŵi yaitali kungafoole thupi ndi kuvutitsa impso. Mankhwala otchedwa sibutramine adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 atapezeka kuti amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi kufa ziŵalo, komabe akhala akupezeka atabisidwa m'mapiritsi ndi tiyi olembedwa kuti nzachilengedwe. M'Malaŵi bungwe loyang'anira mankhwala ndi PMRA, ndipo mankhwala ogulitsidwa m'chikwama kapena kudzera pa lamya popanda chilolezo nkwabwino kuwapeŵa.

Alipo mankhwala enieni othandiza anthu onenepa kwambiri, monga jakisoni wa semaglutide amene adavomerezedwa pantchitoyi ku America mu 2021. Ameneŵa ngodula, amaperekedwa ndi dokotala yekha, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti oleka kubaya adabwezeretsa magawo aŵiri mwa atatu a thupi limene adachotsa pomatha chaka. Ngakhale wolandira mankhwala otere afunikabe kusintha kadyedwe ndi kuyenda.

SIKELO IKAIMA

Pafupifupi aliyense amafika pamene sikelo imaleka kutsika, kaŵirikaŵiri patapita miyezi ingapo. Kumeneku si kulephera, koma ndi mbaula ija imene yachepetsa moto. Munthu amene watsika kuchokera pa makilogalamu 80 kufika pa 74 nakhala pomwepo zaka zisanu wapambana kuposa wotsika kufika pa 60 nabwerera pa 85. Ndiponso kuyenda tsiku ndi tsiku kumalimbitsa mtima, kumatsitsa magazi ndi shuga, ndipo kumagonetsa tulo tabwino ngakhale sikelo isasunthe.

Kukwera sikelo kamodzi pasabata, kapena kamodzi pamwezi kuchipatala, nkokwanira, ndipo nambala ilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Amene wadya mopitirira paukwati kapena pa Khirisimasi angobwerera m'njira tsiku lotsatira, osadzilanga ndi njala. Banja lonse likasintha kaphikidwe pamodzi zinthu zimapepuka, ndipo anansi aŵiri kapena atatu akapangana kuyenda m'maŵa uliwonse, wina akafooka mnzake amamudzutsa. Kuseka kapena kunyoza munthu wonenepa, monga amachitira ena pa kanema, sikumuthandiza, kumangomuthaŵitsa kuchipatala.

Magazi ndi shuga amayezedwa ku Mzuzu Central Hospital, ku St John's, ku Mapale, ku Ekwendeni ndi m'zipatala za m'maboma. Wokhala kutali afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kumene angapite. Munthu wamkulu aliyense ayezetse magazi ake kamodzi pachaka ngakhale asakumva kudwala, chifukwa kuthamanga kwa magazi kaŵirikaŵiri sikumveka m'thupi kufikira kutawononga.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi chidachitika nchiyani kwa anthu 14 a mumpikisano uja patapita zaka 6?
2. Nchifukwa ninji thupi limachepetsa moto wake munthu akadzimana chakudya?
3. Kodi chingwe chingathandize bwanji kudziŵa ngati mafuta a m'mimba achuluka?
4. Ndi anthu ati amene sayenera kudzichepetsera chakudya?
5. Munthu wolemera makilogalamu 90 afunika kuchotsa angati kuti ayambe kuona phindu?
6. Ndi zinthu ziti ziŵiri zimene banja lingasinthe pakaphikidwe kake sabata ino?